Maso anga asakutsekere njira

Asiyatu mwana wanga,

Salaam aleikum. Usadabwe kuti ndikukulembera kalata pamene tikugona m'nyumba imodzi, ndiponso usaseke zilembo zanga zazikuluzi ngati za mwana wa sitandade wani. Ndakhala pakhonde dzuwa lili paliwombo, chifukwa nthawi yokhayi ndi imene maso anga amasiyanitsa inki ndi pepala. Iwe wati wapita kumsika kukatsanzika anzako. Pakamwa ndalephera. Tikangoyamba kukamba za ulendowu, iwe umathamangira kukatsuka mbale zotsukatsuka kale, ine ndimayamba kukalipira nkhuku zosalakwa.

M'mawa uno ndinalowa kuchipinda kwako kukafuna sizasi yanga. Ndinapunthwa pa sutikesi, ndipo inangoti see, kutsetsereka yopanda kanthu, chonsecho dzana tinachita kuikhalira awiri kuti itsekeke. Nditapapasa pashelefu ndinapeza madiresi ndinakusokera aja atapindidwa bwinobwino, abwerera pamalo pake. Maso afooka, inde, koma zala zanga zimaudziwa msoko wanga. Ndiye ndadziwa kuti ukufuna minibasi ya ku Blantyre mawa ikusiye, ndege ya ku India inyamuke popanda iwe, sukulu ya zam'mlengalenga imene waivutikira chiyambire uli kamtsikana ipite ndi mphepo. Ndipo chifukwa chake ndine.

Amene wakumasulitsa katundu ndikumudziwa. Ndi amalume ako, Che Jafali. Dzulo pa sadaka tinaphika ija kuti a shehe akuchitire duwa, pemphero la ulendo, mlongo wangayu anadikira kaye kuti akhute mpunga ndi mbuzi, n'kusamba m'manja, kenako n'kukuitana pamaso pa anthu onse.

"Iwe Asiyatu, tandiuza," anatero. "Chitsulo ukukaphunzira kuponya kumwambacho chimachiza ndani? Anthu akuwotcha chuma kuti akajambule miyala ya kumwezi, ife kuno akutiuza kuti ngakhale kamankhwala ka mutu mukagule nokha. Wallahi, nzeru zonsezo bwenzi ukukaphunzira udokotala wa maso! Mayi ako akuchita khungu, iwe ukukawerenga nyenyezi?"

Ena anaseka pofuna kuphimba manyazi, a shehe anayang'ana pansi. Iwe unangoti, "Ndamva, amalume," n'kutola mabeseni kupita nawo kuseri. Ine sindinatsegule pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti kukhala chete kwangako kunakupweteka kuposa mawu a amalume ako.

Mvera, mwana wanga. Ndinakhala chete chifukwa theka la mtima wanga linali kumbali yawo. Che Jafali ndi wamwano, koma si chitsiru. Iwe umandiperekeza kuchipatala tsiku la odwala shuga, benchi lija ukulidziwa. Tsiku lina utapita kukandigulira madzi, mnyamata wina anatsegula nkhani pafoni, ndipo zinamveka kuti dziko lina latera chombo pamwezi, anthu kumeneko akuvina m'misewu. Pambali panga panali mayi wina wa kwathu ku Chowe, amene anatsika mapiri onse aja pa kabaza, mwendo wake utakulungidwa ndi chitenje chifukwa cha bala losapola. Anali atangouzidwa kuti mankhwala ake kulibe, abwerenso. Anamvetsera nkhaniyo mpaka kutha, kenako anafunsa modekha, "Kodi kumweziko kuli odwala?"

Benchi lonse linafa nacho chiseko, ndipo amene anaseka kwambiri ndine. Tsiku lomwelo adokotala anandiuza kuti shuga yadya timitsempha ta kuseri kwa diso, kuti makina othandiza zimenezi ali kutali, ndipo oyembekezera ndi ambirimbiri. Ndiye sindikunamiza. Munthu atandiikira patsogolo chombo cha kumwezi uku, makina a maso uku, n'kunena kuti sankha, ndingasankhe makinawo asanamalize n'komwe kulankhula. Osati chifukwa cha ine ndekha. Pabenchi paja pali ena ang'onoang'ono kwa ine amene akuyenda chogwidwa dzanja.

Koma palibe amene wandiikira ziwirizo patsogolo, ndipo iwenso palibe wakuikira. Apa ndi pamene amalume ako asochera, ndipo ndikuuza mmene ine ndi bambo ako tinasocherera njira yomweyo.

Chaka china, bambo ako asanapite ku Joni, ine ndisanakhale ndi makina osokera, mvula inadula msanga. Ramadhani ikupita kumapeto, bambo ako anandikhazika pansi. "Abiti Saidi," anatero, "chaka chino Idi tidya ndi mtima. Mbuzi ayi, nsalu ayi. Njala ikubwera, kangachepe tili nakoka tisungire chimanga." Ndinaona kuti ndi nzeru, ndinavomera ndi manja awiri. Tsiku la Idi iwe unaima pakhomo ndi kadiresi kako kakale kolekeza m'mawondo, kuyang'ana anzako akudutsa atavala zatsopano, ndipo sunalire mokweza, unangoluma chala. Ndinadziuza kuti palibe kanthu, mwanayu adzadya mwezi wa njala. Nanga chinachitika n'chiyani? Kamene tinasunga kaja kanayamba kutuluka pang'onopang'ono, popanda wokaba. Lero tayala la njinga, mawa tiyi wa bambo ako ndi anzawo kutiyirumu, mkuja ulendo wa ku ukwati wa munthu amene ngakhale dzina lake ndaliiwala. Njala inatipeza chimodzimodzi, kungoti inatipeza tilibenso Idi yoti tiziikumbukira.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti ndalama ikalandidwa ku chinthu chimodzi siyenda yokha kupita kwa wanjala, imafuna munthu woigwira padzanja n'kuiperekeza mpaka pakhomo. Akuluakulu a maiko atati lero asiye kuponya zitsulo kumwamba, iwe ukuganiza kuti chumacho chingakwere minibasi, n'kudzatsikira pa depoti ya Mangochi kufunsa njira ya kuchipatala? Chingathere m'magalimoto ndi m'misonkhano, mayi wa ku Chowe uja akadali pabenchi. Chimodzimodzi iwe, Asiyatu. Ukatsala, makina a maso sabwera chifukwa choti watsala. Tidzangokhala awiri pabenchi lomwe lija, wina wosaona, wina wotaya sukulu, ndipo Che Jafali adzakhala kunyanja akuwerenga mabigili, ndowa zoyezera usipa, ataiwala kalekale zimene ananena.

Ndiponso ngati pali munthu woti amuimbe mlandu wa nyenyezi zakozi, munthuyo ndine. Anthu amaiwala msanga, koma iwe ukudziwa kuti maso akuthwa m'dera lino anali anga. Ramadhani ikamatha tinkasonkhana pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu, tonse nkhope kumadzulo, kufunafuna mwezi watsopano kuti tidziwe ngati mawa ndi Idi kapena tisala kudya tsiku linanso. Amuna ankaima kutsogolo, makosi atawasolola, zikofia zikugwa. Ine ndili kumbuyo ndi amayi anzanga ndinkangoti, "Uwo!" Onse n'kutembenuka. "Kuti, Abiti Saidi? Kuti?" Ankatsatira chala changa mpaka aone kamwezi kopyapyala ngati chikhadabo chowenga, kenako n'kuthamangira kwa a shehe. Mawa lake unkamva kuti abambo awiri a kuno ndi amene aona mwezi. Sindinkadandaula, bola mpunga uphikidwe.

Chaka china ndinadziputira mkwiyo wa msika wonse. Ndinali nditayamba utelala, ndipo ukudziwa mmene zimakhalira sabata ya Idi, nsalu mulu pamakina, aliyense akufuna chake mawa. Tsiku loyang'ana mwezi kunachita mitambo, ndipo matelala tonse tinapita kubwalo tikupempha chamumtima kuti mwezi ubisale, tipeze tsiku lina lomalizira ntchito. Ine mulu wanga unali woposa wa onse. Mwadzidzidzi mtambo unang'ambika pang'ono, ndipo pakamwa panga panafuula mutu usanaganize. Telala mnzanga wa pamsika, mkulu wa ndevu zoyera, anagwira m'chiuno n'kunena, "Abiti Saidi, mumasoka mazipi tsiku ndi tsiku, pakamwa panupo munalephera kuikapo imodzi?" M'mawa mwake ana ena anapita kumzikiti kokaswali ndi madiresi ogwidwa ndi mapini kumpendero, ndipo amayi angapo sanabwerenso kudzasoketsa kwa ine. Anzanga mpaka lero amati ndinalakwitsa. Ine ndikuti zitabwereranso ndingafuulenso. Iwenso, mwana wanga, chimene waona uzichinena. Unandiuza kuti zitsulo zoponya kumwambazo zimaona pansi pano, zimaona pamene mitengo yatha m'mapiri, pamene madzi akukwera kulowa m'midzi. Ukadzaona zotere usadzatseke pakamwa poopa kusokoneza madongosolo a anthu akuluakulu.

Zaka zonsezo kubwalo kuja iwe unali ndi ine, poyamba kumsana, kenako m'chiuno, kenako utagwira chitenje changa. Ndinkakugwira chibwano ndi zala ziwiri n'kuchikweza kuti uyang'ane kumene ndikuloza. Tsiku lina unandifunsa, "Amayi, masiku onsewa mweziwu unali kuti?" Ndinakuyankha kuti unapita kukasamba. Unandiyang'ana ndi diso lija umayang'anira munthu wonama, ndipo mawa lake unakafunsa aphunzitsi, n'kubwera kudzandiphunzitsa ndi ndimu ndi tochi, chakudya chikupserera pamoto. Walira mvula walira matope. Ine amene ndinkakukweza chibwano ndingakukanikize bwanji mutu pansi lero?

Ramadhani yathayi tinapitanso, ukukumbuka. Ndinayang'ana kumadzulo, ndinangoona utsi woyera. Anthu ankandidikira mwachizolowezi, mpaka iwe unayandikira khutu langa n'kunong'ona, "Uwo, amayi, pamwamba pa mlambe." Ndinaloza mlambe n'kunena kuti eya, ndauona. Unadziwa kuti sindinaone kanthu, koma unangondigwira dzanja mpaka kunyumba. Ndinalira tsiku limenelo, osati chifukwa cha maso okha. Ndinalira chifukwa ndinaona kuti wayamba kusanduka ndodo yanga, ndipo sindinakuberekere zimenezo.

Tsopano usatenge mawu angawa ngati chilolezo choiwala pansi. Kwathu ku Chowe kunali bambo wina amene atabwera ku Joni anakhoma dishi ya kanema padenga la udzu lothonya. Mvula ikagwa ankaonera mpira wa kunja atafunda pulasitiki, mkazi wake ndi ana akusuntha mphasa kuthawa madontho. Mudzi wonse unkamuseka, koma ankabweranso kudzaonera nawo. Chimene amalume ako akuopa n'chimenecho, kuti dziko lonse lasanduka nyumba ya bambo uja, ndipo pamenepa sakunama. Dishi sinali yolakwa. Cholakwa chinali choti mwini wake ankatha kukwera padenga kukaikonza ikapendekeka, koma osatenga ngakhale mtolo umodzi wa udzu pokwerapo.

Ndiye funso la mayi uja upite nalo ku India, ulisunge pamene umasunga pasipoti. Kumweziko kuli odwala? Tsiku lina udzakhala m'chipinda chozizira ndi anthu ophunzira, akukambirana zoponya chitsulo china, ndipo iwe udzafunse kuti chimenechi chikamuchitira chiyani munthu wa bala losapola. Ndikudziwa yankho lako limodzi. Unandiuza kuti uthenga wa mphepo umene umafika pafoni umachokera ku zitsulo zomwezo, ndipo ndikudziwa kuti Che Jafali mwiniwakeyo salola boti lake kulowa m'madzi asanaone ngati kukubwera mwera. Ndidzamukumbutsa zimenezi pa nthawi yake, pamaso pa anthu omwe aja. Koma yankho limeneli silikwana, mwana wanga, chifukwa uthenga wa mphepo supoletsa mwendo. Ukafunefune lina loposa pamenepa. Ndipo tsiku limene udzaone kuti yankho palibe, kuti chitsulocho n'chongodzionetsera kwa maiko ena, usadzachite manyazi kunena kuti ulendo uno chumachi chitsike pansi. Anthu oyenera kunena mawu amenewa ndi amene analikhalapo benchi lija, ndipo m'zipinda zimenezo alimo ochepa. N'chifukwa chake ndikufuna iwe ukalowemo.

Za bambo ako sindinena zambiri, ukuzidziwa. Anapita ku Joni akuti akagwire ntchito pang'ono abwere, ndipo mpaka lero akubwerabe. Mabulangete anatumiza, malata awa anatumiza, mafoni anatumiza mpaka ena tinagawa. Sindiwanyoza, unaphunzira ndi thukuta lawo. Koma ndinalakwitsa kuwazoloweza kuti katundu akafika ndiye kuti munthu wafika. Ndinkathokoza kwambiri, iwo n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Iwe usadzanditumizire mabulangete. Kuno n'kotentha, ukudziwa. Uzinditumizira mawu, ngakhale ulibe nkhani. Undiuze chimene wadya, amene wakukwiyitsa, mmene mvula ya kumeneko imanunkhira. Usamalembe mauthenga pafoni, sindidzatha kuwawerenga, ndipo sindikufuna nkhani za mwana wanga zizidutsa pakamwa pa munthu wina.

Akuti kumeneko tsabola amathira ngakhale m'chakudya cha m'mawa, ndiye uyambe pang'onopang'ono, m'mimba mwako ndi mwa bambo ako. Swala, mapemphero athu, usasiye, ngakhale mayeso atakupanikiza bwanji. Ukasowa njira funsa amayi achikulire, osati anyamata omwetulira. Mwamuna akadzakuuza kuti nzeru zako zamusangalatsa, umufunse ngati angadye mpunga wopserera chifukwa cha nzeru zomwezo, chifukwa iwe ukagwira buku mphika umauiwala. Ukadwala unene msanga, usachite zija umachita kuno zomwetulira thupi likutentha. Idi yoyamba idzakuwawa, ndikuuziratu. Usadzadzitsekere m'chipinda. Udzatuluke, udzafune anzako achisilamu, udzadye nawo ngakhale zakudya zake zisakukomere. Ndipo ukadzauona mwezi watsopano udzandiimbire. A shehe sangalandire mwezi wa ku India, koma ine ndidzaulandira.

Za ine usade nkhawa kopitirira. Mayi ako aang'ono a Patuma avomera kuchoka ku Nkhudzi kudzakhala nane. Iwo ndiwo azindiperekeza kuchipatala ndi kundilowetsera ulusi m'singano, ndipo mmene amalankhulira muja, matenda amene ndikuopa tsopano ndi a makutu. Mankhwala ndizimwa, shuga m'tiyi ndasiya, ndikulonjeza pamaso pa Mulungu. Kusoka ndisokabe mpaka pamene zala zidzakane, pakuti msoko wowongoka sufuna maso kwenikweni.

Koma sindikubisira, Asiyatu, ndayamba kale kukusowa ukadali m'nyumba muno. Ndikamva ukutsegula geti ndimaganiza kuti posachedwa lizitsegulidwa ndi anthu ena. Ndikuopa chipinda chako chitati zii. Ndikuopa kudzuka nthawi ya daku, m'bandakucha wa Ramadhani, n'kuphika iwe palibe. Mbali ina ya mtima wanga inasangalala m'mawa uno nditapeza sutikesi yopanda kanthu, ndipo ndinakhala pabedi lako kanthawi ndikuilola kusangalala. Kenako ndinaikalipira, n'kuyamba kulongedza. Ukabwerako kumsika upeza zonse zabwerera m'sutikesi. Ngati ndasokoneza mitundu, kapena ndaika nsapato pamwamba pa mipango, undikhululukire, ndalongedza ndi manja okha. Usazitulutsenso. Ukazitulutsa ndidzazibwezeranso, ndipo tidzaona amene atope msanga pakati pa iwe ndi ine.

Madalitso anga ndakupatsa onse, osatsalako. Dzulo ndinalephera kuwanena pamaso pa anthu, lero ndawalemba kuti pasadzapezeke wokuuza kuti unathawa mayi ako akudwala. Sunathawe. Ndakutuma ndine.

Chimene ndikupempha n'chimodzi chokha. Adokotala sanandibisire, ndipo iwenso unalipo. Sukulu yakoyi ndi ya zaka, ndipo pamene uzidzatsika minibasi pobwera, mwina ndidzakudziwira mawu ndi kayendedwe basi. Mwina udzanenepa, mwina udzavala magalasi, mwina pamphumi padzayamba mizere ngati ya ine. Zimenezo adzaona ena. Ine nkhope imene ndidzakhale nayo mpaka tsiku langa lomaliza ndi imene ndiione mawa.

Ndiye mawa usathamangire kudepoti. Minibasi ikadzaza ibwera ina. Dikira dzuwa likwere, lifike pakhonde pano. Udzakhale pampando wanga wosokera, foni uisiye m'nyumba, mpango uukankhire kumbuyo pang'ono. Usadzalankhule, ndiponso usadzalire, chifukwa ukalira nkhope yako imatupa, ndipo sindikufuna kusunga yotupa. Ndidzayandikira pafupi kwambiri, mwina mpaka mphuno kugundana, ndipo ndidzachedwa. Undilole ndichedwe, mwana wanga. Ndikadzati basi, udzanyamuke, ndipo usadzacheuke kuona ngati ndikukuyang'ana, chifukwa ukadzangodutsa geti ine ndidzakhala nditasiya kale kukuona.

Allah akutsogolere, akusunge, akubweze.

Ndine amene ndinakubereka,
Abiti Saidi